Mazenera otseka, chifuwa chili mkati

Ndikungoganizabe zomwe ndawerenga za odwala cystic fibrosis, matenda obadwa nawo amene amadzaza mapapo ndi makhololo olimba. Akuti akakhala paulendo wa paboti, adani awo ndi madzi okhalitsa m'thanki, momwe tizilombo ta Pseudomonas timaswana, komanso odwala okhaokha amayenera kutalikirana mamita 2.

Kuno ku Kasenengwa nyanja tilibe, koma taonani galimoto zathu zopita ku Chipata. Tathithikana, mazenera otseka kuopa fumbi, botolo limodzi lamadzi likuzungulira pakamwa pa aliyense. Wa mphumu ali momwemo, wochira TB momwemo, khanda momwemo.

Inu abale, mnzanu akamatsokomola m'galimoto, mumalimba mtima kupempha kuti zenera litsegulidwe?