Mabwinja a ku Muloza, Mabwinja a ku Pripyat

Kuchokera pa boma la Mulanje kukafika kumalire a Muloza ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 30. Phiri limakhala kumanzere, tiyi ali biriwiri mbali zonse, ndipo pa Limbuli pamakhala piringupiringu wa njinga ndi amalonda ochokera ku Milange. Woyenda pa phula angaganize kuti zonse zinabwerera m'chimake. Koma tikapatuka kulowa m'midzi ya kwa T/A Njema, monga timachitira ife a gulu la zaumoyo pampingo, timaona zina.

Pali malo pamene panali mudzi, lero pali miyala ikuluikulu ngati nyumba, yomwe inatsika m'phiri mu March 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Akuluakulu amati ndi Napolo, yemweyo anasesa Phalombe mu 1991. Pena patsala khonde la simenti lopanda nyumba. Pena mafuwa atatu m'tchire. Mango akubereka, otola palibe. Freddy anasowetsa pokhala anthu oposa 600,000 m'chigawo chakummwera, ndipo ambiri anauzidwa kuti asadzamangenso pomwe anali.

Komabe mabwinjawa si opanda anthu. Timapezamo chimanga ndi nandolo, timapezamo utsi. Agogo ena tinawapeza atazika kachisakasa pambali pa maziko a nyumba yawo yakale. Anatilandira bwino, natiuza kuti kumalo kwatsopano kulibe munda, ndipo manda a amuna awo ali konkuno. Madzi akumwa amatunga pachitsime chakale, chomwe chinamira limodzi ndi zimbudzi za mudzi wonse. Madziwo ndi oyera mbee.

Mtunda wa makilomita 30 womwe tinayendawu ndi wodziwikanso kudziko lina. Ku Ukraine kuli malo otchedwa Chernobyl, kumene kunali fakitale yopanga magetsi a nyukiliya. Inkagwiritsa ntchito uranium, mwala wa mtundu womwe uli ku Kayelekera ku Karonga. Pa 26 April 1986, imodzi mwa ng'anjo zake zinayi inaphulika ndi kumwaza fumbi la poizoni wosaoneka, wosanunkha. Mawa lake mabasi ananyamula anthu pafupifupi 49,000 a m'tauni ya Pripyat, makilomita atatu kuchokera pafakitalepo. Anauzidwa kuti atenge zochepa chifukwa akakhala masiku atatu okha. Sanabwerere. Boma linasamutsa midzi yonse ya pamtunda wa makilomita 30 kuzungulira fakitaleyo, anthu oposa 100,000 m'chaka chimenecho.

Ng'anjo yomaliza inazimitsidwa mu December 2000, ndipo mu 2016 yophulikayo inavundikiridwa ndi chidenga chachitsulo. Ku Pripyat mitengo inamera m'misewu ndi m'mabwalo a sukulu. Koma kumenekonso anthu ena, makamaka amayi okalamba, anabwerera m'midzi yawo ngakhale boma linaletsa, nayamba kulima timinda ndi kuzula bowa. Zifukwa zawo n'zomwe tinamva kwa agogo aja: munda, manda, ndi kuzolowera.

Chimene chinavulaza ana ambiri kumeneko chinali chakudya chooneka bwinobwino. Ng'ombe zinadya msipu wogwera fumbi lija, ana anamwa mkaka, ndipo patapita zaka ana masauzande anapezeka ndi khansa ya chithokomiro. Poizoni wina, wotchedwa caesium-137, amatenga zaka 30 kuti mphamvu yake ichepe ndi theka lokha. Kuwiritsa sikumupha, sopo samuchotsa m'nthaka.

Apa m'pamene ife tili ndi mwayi. Mdani wa m'chitsime cha pabwinja nayenso saoneka, ndipo timamudziwa: kolera yomwe inayamba mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Koma mdani ameneyu amafa ndi moto, amafa ndi klorini. Choncho kwa abale ndi alongo amene akulima kumabwinja timanena zinayi. Nyamulani madzi akumwa kuchokera pamjigo. Akatha, a pachitsime muwawiritse mpaka abwadamuke. Chitsime chomwe chinamira chikapidwe, ndipo alangizi a zaumoyo athiremo klorini. Kumbani chimbudzi kutali ndi chitsime, kumunsi kwake, ngakhale mukukhalako nyengo yolima yokha. Ana asasewere m'makoma ong'aluka kapena pa maenje a zimbudzi zakale, omwe udzu unabisa.

Chomwe klorini sangakonze ndi njira ya madzi. Pamene miyala inadutsa kamodzi ikhoza kudutsanso, ndipo usiku munthu sathawa bwino. Kulima masana n'kotheka. Kugona m'khwawa mvula ikugwa usana ndi usiku ndi kuika moyo pachiswe.

Kungouza nkhalamba kuti chokani sikuthandiza. Imachoka ikaona kuti kumtunda kuli wina woisungira malo pamkeka. Ngati pampingo panu pali banja lomwe linasamutsidwa, lichezereni mvula isanayambe. Funsani kumene agogo awo akugona. Amayi a Dorika angathe kusonkha ndowa yovindikira ndi sopo, abambo angathe kufolera kachipinda. Wokhala ndi munda wotsala kumtunda abwereke mizere ingapo, kuti njala isabwezere anthu m'khwawa.