Kusinja Dothi

Dzina loti Pumula n'la Chindebele, koma Mchewa aliyense amalimva popanda womasulira. Ife adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ku njanji ndi m'mafakitale a ku Bulawayo, kuno n'kumene timati kwathu, ndipo nyumba ya zipinda zinayi ndiye mudzi wonse. N'chifukwa chake mng'alu wa pakhoma sindiutenga mwachibwana.

Kumalire a Pumula kuli maenje amene anthu anakumba posaka mchenga womangira. Dzenje likakwiriridwa ndi zinyalala, zidutswa za njerwa ndi dothi, pamwamba pamaoneka posalala, udzu n'kumera. Pansi mpamene pamatsala mipata. Mukamangapo, dothi limatitimira pang'onopang'ono, mbali ina kuposa inzake, khoma n'kuyamba kung'aluka.

Mankhwala ake ndinawapeza pomasulira chikalata cha mainjiniya. Iwo amati dynamic compaction. Ndinayesa "kutsendera", koma mawuwa ndi aulemu kwambiri. Kumeneku n'kusinja basi. Kireni imakweza chitsulo cholemera matani 10 kapena 20 m'mwamba mamita pafupifupi 20, n'kuchitaya pansi, phii! Imabwereza kangapo pamalo amodzi, kenako n'kusuntha motsata mizere. Maenje otsalawo amawakwirira, n'kusinjanso. Anakhwimitsa njirayi ndi injiniya wa ku France, Louis Ménard, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Chitsulo cha matani 15 chikagwa kuchokera pa mamita 20, dothi limalimba mpaka kuya kwa mamita 8 kapena 9.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti pakati pa kusinja koyamba ndi kwachiwiri, dothi lonyowa amalisiya lipumule masiku angapo, kuti madzi opanikizika m'kati mwake apeze potulukira. Mchenga ndi zokwirira zimamvera msanga. Dongo lodzaza madzi silimva, ngakhale mulimenye chotani.

Komabe sindikuona kireni yotere ikulowa m'misewu yathu. Ndi yodula, ndipo nthaka imanjenjemera patali moti nyumba zoyandikana zingang'aluke musanapulumutse imodzi. Nthawi yake ndi pamene malo akadali tchire, mapuloti asanadulidwe. Ikadutsa nthawi imeneyo, wogula puloti amangotsala ndi khasu, kuti akumbe aone yekha, ndiponso agogo a pamzere womwewo, amene amakumbukira pamene panali dzenje.