Kwa mwana wanga, asananyamuke ulendo wa ku Dar es Salaam

Germiston, Ekurhuleni

Wokondedwa mwana wanga,

Ndalemba kalata chifukwa ndikamalankhula umangoti "ndamva, amayi" maso ali pa foni. Uyiike m'thumba lomwe muli pasipoti, ukaiwerenge modekha basi ikapitirira Polokwane.

Bambo ako anali okonzeka kukongola ndalama ya ndege kuti ukayambe ntchitoyo usanatope, koma iwe wasankha kuyenda pansi. Sindikuletsa. Mwana wokulira pa Germiston, pamene njanji za dziko lino zimakumana, sangalephere kufuna kuona kumene zimathera. Ndipo zomwe umauza mng'ono wako n'zoona: njanji ya kuseri kwathuku ndi yofanana mulifupi mwake, mamilimita 1,067, mpaka ku Dar es Salaam. Sitima ya Rovos Rail imayenda ulendo wonsewo kuchokera ku Cape Town itanyamula alendo a ndalama zawo. Koma ife si a Rovos. Kwa anthu ngati ife njirayo ndi yodukaduka. Chiyambire 2020 sitima za maulendo ataliatali zinasokonekera kuno, moti ya ku Musina usaidalire. Ukwere basi pa Park Station mpaka ku Bulawayo. Kumeneko ukafunse pa siteshoni penipeni, osati kwa anyamata oitanira mabasi, ngati sitima ya ku Victoria Falls ikuyenda. Ngati ayi, basi ilipo.

Agogo ako aamuna anabwera ku Joni kuno ndi Wenela. Ndege inkawatula ku Francistown, kenako sitima kudzera ku Mafeking mpaka ku Johannesburg, n'kuwagawa m'migodi. Iwo anagwera ku ERPM, ku Boksburg kuja timakagula ndiwo. Ankati ulendo wonsewo sanafunsepo njira kapena kuonetsa okha chiphaso kwa munthu. Ankangotsatira mzere, zonse zili m'manja mwa ena, ngakhale gawo la malipiro awo ankakalilandirira kumudzi. Njira imeneyo inatsekedwa mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, a Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Iwe palibe wokuyendetsa pamzere. Mapepala ako wagwira wekha, ndipo nkhani yanga yaikulu ndi imeneyi.

Udutsa zipata zitatu: Beitbridge, Victoria Falls, ndi Nakonde yoyang'anana ndi Tunduma. Pa chipata chilichonse zidindo ndi ziwiri, chotulukira ndi cholowera. Akakubwezera pasipoti usangoiponya m'thumba n'kuthamangira basi. Ima pambali, tsegula tsambalo, ona ngati chidindo chikuwerengeka, ona tsiku, werenga masiku amene akupatsa. Ngati palakwika, bwerera pawindo pomwepo mwaulemu. Mawa lake palibe amene adzakumvere. Munthu wosavala yunifomu akakuuza kuti "bweretsa ndikudindire msanga", umuthokoze n'kukhalabe pamzere wako. Wakulira pakati pa anthu amene moyo wawo unaima chifukwa cha masiku otha m'pasipoti. Ukuwadziwa, ena timapemphera nawo, ndipo ambiri mwa iwo sanali opusa ayi, anangofulumira tsiku limodzi. Ku Tanzania pasipoti yathu imalowa popanda viza, koma kulowa si chilolezo chogwirira ntchito. Usakhudze ntchito pepala lakelo lisanatuluke, ngakhale abwana akukakamize chotani.

Mlatho wa pa Victoria Falls uwoloke wapansi ngati katundu akulola. Unamangidwa mu 1905, ndipo mpaka lero ukunyamula sitima. Ujambule, unditumizire. Kuchoka ku Livingstone, sitima ya Zambia Railways imadzera ku Lusaka mpaka ku Kapiri Mposhi, koma ndi yoyenda mwachifatse kwambiri, choncho usaiwerengere kuti ikakupezetsa TAZARA tsiku lomwelo. Ku Lusaka Chichewa chako chikagwira ntchito, ngakhale akakuseka kuti ukulankhula ngati m'busa ali pa guwa. Kupitirira Kapiri ndi Chibemba, kuwoloka Tunduma ndi Chiswahili. Phunzira moni wa chilichonse usanafunse mtengo wa chinthu.

TAZARA ndiye sitima imene ukuifunayo. Anaimanga ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975, kuti mkuwa wa Zambia uzifika kunyanja osadzera ku Rhodesia ya Ian Smith. Kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam ndi makilomita 1,860; ukagona m'njira usiku uwiri ngati zayenda bwino, ndipo kawirikawiri imachedwa. Uimbiretu foni kufunsa tsiku lonyamuka, komanso ngati ikudutsa malire kapena mukasintha sitima pa Nakonde. Usaumire pa tikiti: gula ya chipinda chogona, cha anthu anayi kapena asanu ndi mmodzi. Amuna amagona kwaokha, akazi kwaokha. Pasipoti ndi ndalama zigone pathupi pako, osati m'chikwama. Sitima ikaima pa siteshoni usiku, tseka windo, chifukwa dzanja limalowa kuchokera panja n'kutenga foni ili pa chaja iwe uli m'tulo. Masana tsegula, ugule nthochi, mbatata yootcha ndi mtedza kwa amayi othamangira m'mbali mwa mabogi, ndipo usawanenerere mpaka kuwamana phindu. Kamba amene ndakukonzera ugawireko anzako a m'chipindamo tsiku loyamba lomwe. Amene wadya nkhuku yako ndi amene adzakuyang'anire katundu ukapita kuchimbudzi.

Osintha ndalama akakwera m'sitima pa malire. Sintha zochepa zongokufikitsa, uwerenge kawiri ndalama yako isanachoke m'manja. Wotchi uipititse patsogolo ndi ola limodzi.

Tsono za thupi lako. Kuno kumtunda kulibe malungo, ndiye iwe sunawadwalepo, ndipo munthu wotero amamugwetsa msanga. Livingstone kuli udzudzu, chigwa cha Kilombero cha ku Ifakara nako n'chimodzimodzi, Dar es Salaam osanena. Mankhwala amene tagula uyambe kumwa monga anakuuzira adokotala, neti ndaika pansi pa majuzi. Ukamva kutentha thupi kapena mutu, usanene kuti ndi kutopa kwa ulendo. Pita ukayezetse magazi tsiku lomwelo. Juzi imodzi ikhale pafupi, ku Mbeya ndi ku Makambako kumazizira usiku.

Pa Mbeya sitima imaima kanthawi. Ukatsike, uyang'ane kummwera: kuseri kwa mapiriwo kuli Kyela, mtsinje wa Songwe, kenako Karonga. Kwanu ku Malawi ndi kumeneko, ngakhale unakuona uli wakhanda. Holide yoyamba usathamangire kuno. Utsikire pomwepo, ukwere basi, upite mpaka ku Dedza ukaone agogo ako aakazi, ndipo usapite chimanjamanja.

Pa chipata chilichonse unditumizire uthenga, ngakhale mawu awiri, "ndadutsa, amayi". Foni ikakana, pempha ya mnzako, ulipire. Bambo ako sanena, koma sagona.

Ndine,
Mayi ako