Ndinkanena kuti bodi yapsa pomwe inali fiyuzi chabe

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi, ma TV ndi mawufa pa kabenchi kena pafupi ndi msika wa Ndirande. Ndikupereka umboni uwu chifukwa ndinadya ndalama za anthu mwachinyengo. Ambiri sindingawapezenso kuti ndiwabwezere, choncho ndingoulula zimene ndinkawabisira.

Chinyengo changa chinafika pachimake mu 2022. Mu Januwale chaka chimenecho namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankathima usana wonse n'kubwera anthu ali m'tulo, zipangizo zili chilumikizire pa soketi. Kukacha, wina ankafika atasenza TV kuchokera ku Goliyo, wina atafukata wufa m'minibasi ya ku Machinjiri. Onse ndinkawayankha chimodzimodzi: "Bodi yapsa iyi, amayi." Koma nthawi zambiri chinkakhala chitafa ndi fiyuzi, kapena kapasita imodzi yotupa pamwamba, zinthu zotchipa kwambiri. Ndinkagoneka katunduyo masiku angapo kuti ntchito ioneke yaikulu, mtengo n'kukwera.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Bambo wina wa ku Bangwe anabweretsa wufa yomwe fiyuzi yake ya m'kati inali itaduka. Ya saizi yake ndinalibe, ndiye ndinangokulunga kawaya ka kopa pamalopo, wufa n'kuyamba kulira, ine n'kulandira ndalama ya bodi yatsopano. Chonsecho ndinkadziwa kuti fiyuzi imaduka dala kuti chipangizo chisayake moto, komanso kuti ikaduka pamafunika kufufuza chimene chaidula. Usiku wina thiransifoma ya m'wufamo inatentha, moto unagwira kabati, makatani ndi matiresi. Ana anatuluka amoyo mwa chisomo cha Mulungu. Bamboyo anabwera ndi kawaya kaja m'manja, kali bii. Sanakalipe. Anangoti, "Achimwene, ana anga akanafa chifukwa cha aka." Ndinagulitsa zida zanga zina kuti ndilipire, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankangondidutsa pa benchi paja.

Tsono imvani zimene mungachite nokha musanapite kwa wokonza. Chipangizo chikakana kuyaka, yambani mwayesa soketi ina, chifukwa maekisitenshoni otchipa amafa msanga. Kenako tsekulani pulagi ya mano atatu ija: muli kafiyuzi kolembedwa 3A, 5A kapena 13A. Ikani ina ya nambala yomweyo, osati waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Ikadukanso, vuto lili m'kati, pamenepo ndiye pofunika mmisiri.

TV ikalemba kuti No Signal ndiye kuti ili moyo. Onani ngati mwana sanaisinthe pakati pa AV ndi HDMI. Pa mawaya atatu a AV, wachikasu ndi wa chithunzi, wofiira ndi woyera ndi a mawu. M'dzinja madzi amalowa polumikizira waya ku LNB ya dishi n'kuchititsa dzimbiri, ndipo mphepo imasuntha dishi kapena mlongoti wa dikoda ya Kiliye Kiliye. Mvula yamphamvu imadulanso chithunzi kwa kanthawi, ikakata chimabwerera chokha.

Rimoti muiloze pa kamera ya foni n'kudina batani. Pa mafoni ambiri mudzaona kakuwala kakuthwanima ngati ili bwino. TV ikamatulutsa mawu koma sikirini ili mdima, iunikeni ndi tochi pafupi. Mukaona chithunzi chozilala, afa ndi magetsi a kumbuyo kwa sikirini, ndipo amasinthika popanda kugula TV ina. Wufa yong'ung'uza kawirikawiri imakhala ndi waya wolowetsa mawu womasuka kapena woduka m'kati. Yozima yokha ikatentha imakhala yadzaza fumbi kapena mphemvu, kapena mwaitsekera mpweya ndi nsalu yokongoletsera.

Magetsi akathima zulani mapulagi, ndipo akabwera dikirani pang'ono musanalumikize. Kukamachita ziphaliwali zulaninso waya wa mlongoti, pakuti mphezi imadzeranso mmenemo. Koma musatsekule TV nokha. Makapasita amasunga moto ngakhale mutazula pulagi, makamaka m'ma TV akale achimsana aja, ndipo akhoza kukuvulazani koopsa.

Mukafika kwa wokonza, mufunseni chimene chafa, akuonetseni pa mita, ndipo chochotsedwacho akupatseni mupite nacho kunyumba. Mmisiri wachilungamo sakwiya nazo zimenezi. Ine ndinkakwiya, ndipo makasitomala ankandipepesa.