Mwala mu Mpunga

Anzathu olemba ndakatulo amadziwa kuwawa kwake ntchito yawo ikamang'ambidwa pamaso pa gulu. Ife a masamu nafenso timakumva. Kusiyana nkwakuti ndakatulo ukhoza kuiikira kumbuyo, koma nambala ikakutsutsa palibe apilo.

Pa tchuthi chapitachi, ndili kwathu ku Kaporo m'boma la Karonga, mnzanga wa m'kalasi ananditumizira pulogalamu ya kompyuta kuti ndiiunike. Ntchito yake inali kuzindikira nambala zosagawika, zija zogawika ndi 1 ndi mwini wake basi, monga 7, 11 ndi 13. Anatsata mfundo imene Fermat anatchula mu 1640. Tiyese ndi 7. Chotsanipo 1, patsala 6. Lembani 2 kasanu ndi kamodzi, muchulukitse, mupeza 64. Gawani ndi 7, patsala 1. Nambala yosagawika iliyonse yoposa 2 imasiya 1 yemweyu. Tsono mnzanga anaitembenuza mfundoyo: nambala ikasiya 1, ndiye kuti njosagawika.

Apa mpamene pagona nkhani. 341 imasiya 1, chonsecho ndi 11 kuchulukitsa ndi 31. Ndinamulembera. Anayankha tsiku lomwelo: "Achimwene, ndakonza. Tsopano ikuyesa ndi 2, 5 ndi 7." Zoonadi 341 inagwidwa. Koma ndinamutumizira 561, imene Carmichael analemba za iyo mu 1910. Iyi ndi 3 kuchulukitsa ndi 11 ndi 17, koma inadutsa mayeso onse atatu ngati mbala yovala suti.

Anakhala chete masiku atatu. Mtima unandiwawa, pakuti ndi iyeyu amene anandibwereka mabuku chaka choyamba. Kodi chibale chithere pa 561?

Masiku amenewo ndinali kuthandiza amayi kukonza mpunga wa Kilombero woti akagulitse kumsika. Amayi akatha kupeta amapatsa mlongo wanga lichero kuti asankhenso miyala. Si kuti sadziwa kupeta. Akhala akupeta ine ndisanabadwe. Amangoti diso la wopeta limazolowera mpunga wake, ndipo dzino lothyoka ndi la wogula.

Nambalazi nazonso zili ndi ogula. Loko wa RSA wa 1977, woteteza mauthenga ambiri a pa intaneti, amamangidwa ndi nambala ziwiri zikuluzikulu zosagawika. Pakalowa yonyenga, lokoyo amafooka, ndipo wolira ndi munthu amene sanamvepo za Fermat. Kumusiyira mwala mnzanga poopa kumukhumudwitsa kukanakhala kumukonda molakwika.

Tsiku lachinayi pulogalamu inabweranso. Anali ataikamo njira ya Miller ya 1976, imene Rabin anaikonzanso mu 1980. Ndinayesa 341, inagwidwa. Ndinayesa 561, nayonso inagwidwa. Pansi pake analemba mzere umodzi: "Zikomo achimwene. Tsopano tumizani yanu ija."