Nyimbo sifunsa zaka

Werengani mpaka kumapeto, aise.

Ine nyimbo ndinaziphunzira kuwiri. Ku pulayimale tinali ndi Expressive Arts, koma ng'oma tinkangoijambula m'kope, osaigwira. Titalemba mayeso a Sitandade 8, basi, zinathera pomwepo. Sukulu ina inali khoka la bambo. Pokoka, iwo ankatsogolera nyimbo, ife n'kumavomera. Ukaphonya, chingwe chinkakuuza chokha, chifukwa wakoka pawekha. Pamenepo palibe ankafunsidwa zaka kapena setifiketi.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti sukulu yachiwiriyi ikutha. Chilwa itauma mu 2018, asodzi anabalalika ndipo nyimbo za pakhoka zinakhala chete. Madzi anabwerera, matemba anabwerera, koma ambirife tinabwerera ndi nyimbo za mu foni. Bambo akukalamba. Zimene zili m'mutu mwawo sizinalembedwe paliponse.

Ena mukuti nyimbo amaphunzira ana a m'tauni, ku yunivesite kapena ku Music Crossroads ku Lilongwe. Eti? Nanga a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, sanagwedeze dziko mu 2020 ataimba ndi Patience Namadingo ali ndi zaka 90? Malemu Allan Namoko anali osaona, koma banjo yawo ndi Chimvu River Jazz Band timaimvabe. Pa Zomba pompa, akaidi aamuna ndi aakazi, achinyamata ndi okalamba, anajambula chimbale chimene chinatuluka mu 2015 n'kukapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Ngati nyimbo inalowa m'ndende, ingalephere kufika padooko?

Ganizo langa ndi ili. Nyanja ikatsekedwa, tizikumana masana Loweruka lililonse pansi pa mtengo. Agogo odziwa tchopa ndi manganje aphunzitse. Wodziwa kupanga banjo ya chigubu abwere ndi waya. Atsikana agwire ng'oma, asamangoomba m'manja. Woyenda ndi ndodo timusungire mpando kutsogolo. Akuluakulu nawonso aphunzire: bambo akhala akufuna kudziwa gitala, ndipo mnyamata wa kwaya akhoza kuwaonetsa. Wokhala ndi foni ajambule, koma ayambe wapempha mwini nyimbo.

Sitikudikira bungwe kapena alawansi. Ine ndibwera ndi bambo. Iwe ubwera ndi ndani?

Tumizani kwa ena.