Mlendo amene sanalipire chipinda

Abusa atipempha kuti tifotokozere mpingo zimene tinaphunzira pa miyezi itatu ya estágio yathu. Ndife achinyamata atatu ochokera ku Angónia. Ambiri a inu munatipempherera pamene tinkanyamuka kupita ku Inhambane, ku sukulu ya za mahotela ndi zokopa alendo ya Universidade Eduardo Mondlane. Makolo athu anagulitsa mbatatesi ndi nyemba kuti tifike kumeneko. Choncho tiyenera kunena zoona, ngakhale kuti zina ndi zotichititsa manyazi.

Itakwana nthawi yokaphunzira ntchito ndi manja, tinapeza malo pa hotela ina mu mzinda wa Tete, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi. Ife tinkayembekeza kuvala mataye ndi kukhala pa kompyuta. Koma tsiku loyamba anatipereka m'manja mwa mayi woyang'anira zipinda, amene ku hotela amamutcha governanta, ndipo iwo anatipatsa ndowa, zikolopa ndi sopo. Mwezi wathunthu tinkayala mabedi, kutsuka zimbudzi ndi kuwerenga matawulo. Mayiwo ankapitisa chala pamwamba pa chitseko, ndipo akapeza fumbi ntchito inkayambanso. Usiku tinkanong'onezana kuti anthu a kwathu asamve kuti ana a ku yunivesite akutsuka zimbudzi.

Mwezi wachiwiri tinapita ku lesitilanti. Tinaphunzira kuika foloko kumanzere ndi mpeni kumanja, kunyamula mbale zitatu nthawi imodzi, ndi kusayankha mwaukali ngakhale mlendo atakalipa popanda chifukwa. Mwezi wachitatu anatiika pa malo olandirira alendo. Pamenepo mitima yathu inakhala pansi, pakuti tinaganiza kuti tafika pa malo otiyenera. Tinkadziwa kuyankha foni isanalire katatu, kutchula mlendo ndi dzina lake, ndi kumwetulira anthu a masuti obwera pa ntchito za malasha a ku Moatize.

Tsiku lina mu Novembala, dzuwa lili paliwombo, kunja kukutentha monga mukudziwira kutentha kwa ku Tete, analowa bambo wina wachikulire. Anavala jekete yakale ndi nsapato zodzaza fumbi, ndipo ananyamula kathumba m'manja. Anavula chipewa, natilonjera mu Chichewa cha kwathu chenicheni. Ife tinamva bwino lomwe, koma tinawayankha mu Chipwitikizi kuti adikire. Tinathandiza alendo anayi amene anabwera pambuyo pawo, iwo ali chiimire pafupi ndi chitseko. Mumtima tinkangofuna kuti mlonda awatulutse mwakachetechete.

Mayi woyang'anira zipinda uja anadutsa atanyamula nsalu. Anaziika pansi, nakoka mpando, nawakhazika bambowo, kenaka anakawatengera madzi ozizira. Iwo ndi Anyungwe, koma anamvana nawo bwinobwino. Bambowo sanabwere kudzafuna chipinda. Anatsika chapa kuchokera ku Ulongwe m'mawa womwewo, akupita kukaona mwana wawo amene anagonekedwa ku chipatala chachikulu cha chigawo, ndipo anasokera. Ankangofuna kufunsa njira. Mayiwo anawaperekeza mpaka pa msewu ndi kuwalozera kolowera.

Pobwerera sanatikalipire. Anangotifunsa kuti: "Ana inu, kodi kwanu mumayamba mwaona chikwama cha mlendo musanampatse madzi?" Tinasowa choyankha. Kwathu mlendo amalandiridwa katundu asanafike pa khonde, amayalidwira mphasa, ndipo amafunsidwa za ulendo atamwa kale madzi. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zonsezi tinazidziwa tisanaone khomo la sukulu, koma tinazitaya m'miyezi iwiri yokha.

Madzulo ake tinawerenga pamodzi Yakobo 2:1-4, pamene mtumwi akudzudzula osonkhana amene amapereka malo abwino kwa wovala zokongola ndi kusiya wosauka ali chiimire. Tinaona ngati analemba ataima pa khomo la hotela ija. Tinakumbukiranso Genesis 18: Abrahamu anathamangira anthu atatu nthawi yotentha ya masana, asanadziwe kuti ndi ayani. Ndipo pa Mateyu 10:42 Ambuye akusonyeza kuti ngakhale chikho cha madzi ozizira sichiiwalika pamaso pawo. Pamenepo tinazindikira kuti chochititsa manyazi sichinali ndowa ndi chikolopa chija. Chinali kumwetulira kwathu, kumene tinakusandutsa malonda.

Sitikunena kuti ntchito ya hotela ndi yoipa. Ndi ntchito yabwino, ndipo tikufuna kuigwira mwaluso. Hotela iyenera kulandira malipiro kuti ilipire antchito ake. Koma chimene chimalipiridwa ndi chipinda ndi chakudya. Ulemu sugulitsidwa, pakuti munthu aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu.

Tsono abale ndi alongo, funso la mayi uja tabwera nalo kwa inu. Lamulungu likudzali, wina adzafika pa galimoto, wina adzafika wapansi ndi kukhala pa benchi lakumbuyo. Kodi ndani amene tidzathamangire kumpatsa buku la nyimbo? Nanga ndani amene tidzamfunse dzina mapemphero akatha? Ife atatu tapempha akulu a mpingo kuti atilole kuima pa khomo la tchalitchi pa nthawi ya tchuthi, kuti tilandire aliyense wolowa.

Bambo aja sitinawaonenso, ndipo sitinawapepese. Mwina ndi a mumpingo wina wa kwathu konkuno. Ngati mawu awa angawafike, tikuti: bambo, tinakumvani, ndipo tinalakwa. Mutikhululukire. Inu nonse mupitirize kutipempherera pamene tikumaliza maphunziro athu.